A Chavula ndi Gitala Yawo Yokuwa

Ku Chama mukatchula dzina la a Wilbroad Chavula, anthu akuluakulu amayamba agwira m'makutu, kuseka kumabwera pambuyo. Malemuwa ndiwo anali ndi gitala yamagetsi yokhayo m'boma lonse, ndipo gitalayo inkakuwa. Inkayamba pang'onopang'ono ngati udzudzu pakhutu, kenako n'kukwera, n'kukwerabe, mpaka malata a tchalitchi kunjenjemera, makanda kumbuyo kudzidzimuka, agalu a kumsika kuyankhira. Odwala kuchipatala sankafunsa nthawi Lamulungu. Akamva mkuwo ankadziwa kuti mapemphero afika pa nyimbo yachiwiri.

Ntchito yawo yeniyeni inali yokonza mijigo. Boma linawatumiza kuchokera ku Luanshya mu 1989, ndipo pa mijigo panalibe wowaposa. Mjigo woti wakhala ukuvutitsa mudzi chaka chathunthu, iwo akangougwira unkatulutsa madzi tsiku lomwelo, mwakachetechete. Koma manja omwewo akati akonze gitala, phokoso linkawonjezeka. Inali gitala yofiira, yamphako m'kati, ndipo ankati anaigula kwa munthu wa ku Zaire amene analira poipereka. Anthu ena ankati munthuyo analira ndi chimwemwe. Inkayenda ndi ampulifaya yakuda yong'ambika nsalu komanso batire ya galimoto, zonse zomangidwa ndi mphira pa njinga imodzi.

Amene anasauka nayo kwambiri gitalayi ndi mayi Dorcas Mshanga, mphunzitsi wa giredi sikisi wochokera ku Katete, amene ankatsogolera kwaya ya pa tchalitchi chawo. Aliyense ankangowatchula kuti a Madamu. Mayiwa ankafuna chinthu chimodzi chokha asanapume pa ntchito mu 1997: kwaya yawo ijambule kaseti ya nyimbo khumi zimene anapeka okha, imveke pa wailesi, kuti abale awo ku Katete, amene ankati Dorcas anakatayika kuchigwa cha njovu, adziwe kuti kuchigwako sanangokhala. Mawu a kwaya analipo, nyimbo zinalipo. Chotchinga chinali chimodzi, ndipo chinkabwera pa njinga Loweruka lililonse chikuimba mluzu.

Mungafunse kuti bwanji osangowachotsa. Kwayayo anaiyambitsa limodzi awiriwa, pansi pa mtengo wa mango, tchalitchi chisanafoleredwe. Maikolofoni imodzi imene kwaya inali nayo inkalowa mu ampulifaya yawo yomweyo. Komanso, tinene zoona, gitalayo ikagona bwino, a Chavula ankaiimba moti amayi a chigwirizano ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Vuto linali lakuti panalibe amene ankadziwa tsiku limene yagona bwino, ngakhale mwini wake.

Chifukwa cha mkuwowo a Madamu anachimvetsa msanga kuposa mwini gitala. Pansi pa nsambo pali mapikapu, timaginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala, timene timatola mawu n'kuwatumiza ku sipika. Mawuwo akatuluka mu sipika n'kubwerera m'mimba mwa gitala, mapikapu ankawatolanso n'kuwatumizanso, akukulirakulira ngati miseche ya pamjigo. Mankhwala ake anali atatu: kuima patali ndi sipika, kuifulatira, ndi kuchepetsa mawu. A Chavula ankadana nazo zitatu zonsezi.

"Ba Chavula, chepetsaniko pang'ono," a Madamu ankatero.

"Madamu, imwe muziba choko, ine niziba gitala. Mau yokoma yankhala pafupi na pamene ikuwira. Ukathawa kukuwa, wathawa na kukoma komwe."

"Manje simungaime pafupi chabe, osafikapo?"

"Ndiye vamene nichita. Koma nayo ili na maganizo yake."

"Ndiye muiuze kuti maganizo ake azitsala kunyumba."

"Walira mvula walira matope, Madamu."

Loweruka lililonse, kwaya ikudikira, iwo ankakhala pa benchi ndi sikuludiraiva, kukweza mapikapu kuti ayandikire nsambo, kuwatsitsa, kuwakwezanso, khutu lili pa gitala. Anali awiri mapikapuwo. Ya kufupi ndi khosi la gitala inkatulutsa mawu ofewa, ozama, ndipo ndi imene a Madamu ankaipempha chaka ndi chaka. Ya kumunsi inali yakuthwa, ndipo a Chavula eni ake ankati imalankhula ngati mlamu wamwano. Imeneyo ndi imene ankaikonda.

Kuyesa koyamba kujambula kunali mu 1992, ndi wailesi ya kaseti imene a Madamu anagula ku Chipata. Mphunzitsi ndi mphunzitsi: anatenga choko n'kulemba bwalo pa simenti, mapazi khumi kuchokera pa sipika, n'kuuza a Chavula kuti aime m'katimo ngati mwana wolangidwa. Bamboyo anavomera mwaulemu wonse. Ndime yoyamba anaima nji. Ndime yachiwiri anatsinzina. Pofika pa kolasi mzimu unawagwira, mapewa anayamba kuyenda, mapazi n'kutsatira, chafutambuyo, chafutambuyo, mpaka anakagunda sipika ndi msana wa gitala. Pa kasetiyo panamveka mphindi ziwiri za nyimbo yokongola, kenako mkuwo, kenako mawu a a Madamu akunena zinthu zosayenera kunenedwa m'nyumba ya Mulungu.

"Bwalo yanu inali ing'ono," anatero a Chavula pomvetsera. "Koma mwamva pamene yatsala pang'ono kukuwa paja? Pamene paja ndiye pali gitala."

Zitakanika za choko, a Madamu anawatulutsa panja. Ampulifaya inatsala m'tchalitchi, waya wautali n'kudutsa pa zenera, a Chavula n'kukhala pa mpando pansi pa mtengo. Mkuwo unathadi. Koma kunjako bamboyo sankamva bwino kwaya, ndipo ankaimba atatsinzina. Nyimbo inatha, anthu anakhala pansi, abusa anati tiyeni tiulule machimo athu, gitala ikupitirira. Mpingo wonse unaulula machimo ake tsiku limenelo ukuperekezedwa ndi rumba, ndipo mkulu wa mpingo wina anaoneka akugwedeza phazi. Lamulungu lotsatira abusa analamula kuti a Chavula abwerere m'kati, pamene anthu angathe kuwaona.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola thonje, a Madamu anaganiza kuti ngati vuto ndi mphako, ndiye mphakoyo itsekedwe. Anabwera ndi thonje lodzaza thumba la shuga, n'kuima pomwepo mpaka a Chavula analikanyizira lonse m'mimba mwa gitala ndi kamtengo. Inatonthola ndithu. Koma mwini wake ankaimba nkhope ili gwa, ngati wamwa kwinini.

"Mwaipatsa chimfine gitala yanga," ankadandaula. "Mvelani. Ikamba monga muntu ali mu bulangeti."

"Ikhale m'bulangeti momwemo mpaka tijambule."

Sanajambule. Mapikapu a gitalayo anali okalamba, mawaya ake atakhwepa, moti ankatola phokoso lililonse, osati la nsambo lokha. A Chavula ankanyadira zimenezi, ndipo nthawi zina ankalengeza za msonkhano wa kwaya polankhulira m'gitala. Lamulungu lina, ulaliki uli pakati, gitala ili chotsamira pa khoma, mu sipika munayamba kumveka tswii, tswii, tswii. Abusa anaima. Anayambanso, tswii uja n'kuyambanso. Atapendeketsa gitala, munatuluka khoswe wamkazi, n'kutsala ana asanu ofiira m'thonje la a Madamu. A Chavula anatulutsa thonje lonse tsiku lomwelo, pamaso pa mpingo, ndi nkhope ya munthu amene khoti lamupeza wosalakwa.

Mbiri ya mkuwo inafika mpaka ku Chifunda, kumene njovu zinkatha chimanga. Mu 1994 alimi a kumeneko anatuma anthu kudzapempha kuti gitala imene imathawitsa Akhristu ikayeseko pa njovu. A Madamu anati pitani, ndipo musafulumire kubwerera. Bamboyo anapalasa njinga masiku awiri ndi katundu wake yense. Dzuwa litapendeka njovu zinayi zinatulukira m'mphepete mwa munda. A Chavula anatsegula mawu onse, anayang'anizana ndi sipika, anachita zonse zimene a Madamu ankaletsa. Koma pamtetete panalibe malata kapena khoma lobweza mawu, ndipo batire inali itafooka ndi ulendo. Gitala inakana kukuwa. Inaimba mokoma kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake, ndipo njovu zinadya chimanga modekha, zikukupiza makutu, mpaka zinakhuta.

Munthu wina akanabwerera mutu uli pansi. A Chavula anafikira kunyumba kwa a Madamu, fumbi lili mbuu, maso akuwala.

"Napeza vuto, Madamu. Si gitala. Ni malata ya chalichi."

"Ndiye mukufuna titani?"

"Tichotseko yochepa chabe. Ya pamwamba pa kwaya."

Ndipo analembadi kalata ku bungwe la akulu a mpingo, masamba atatu, yokhala ndi chojambula. Akuluwo anaikambirana maola awiri, osati chifukwa chakuti inali ndi nzeru, koma chifukwa aliyense ankafuna kuiwerenga yekha. A Madamu anapita kunyumba mutu ukuwawa, ndipo tsiku limenelo anauza mnzawo wa kusukulu kuti Yobu anayesedwa ndi zambiri koma sanapatsidwe woimba gitala.

Ku Chifunda kuja a Chavula anabwerako ndi chinthu china: chibuma cha phula la njuchi, chimene mkulu wina wofula uchi anawapatsa powamvera chisoni. Mnzawo wa ku Kitwe anali atawalembera kuti mankhwala a pikapu yokhwepa ndi kuiviika m'phula losungunula, kuti mawaya agwirane asamanjenjemere. Malangizowo anali oona. Koma kalatayo sinanene kuti phulalo liyambe latsukidwa, ndipo la ku Chifunda linali ndi uchi wake womwe. Anasungunula mu poto wa akazi awo, a Tryness, amene onse ankawatchula NyaGoma, mayi wofatsa wa ku Chikwa amene pa zaka zonse za ukwati wawo sanamvekepo akudandaula za gitala. Za potoyo anadandaula.

Zodabwitsa, zinatheka. Miyezi yozizira yonse ya 1995 gitala sinakuwe, ndipo mawu ake anatsala okoma. A Madamu anayamba kuyenda ngati mtsikana. Anagula kaseti yatsopano, anasokesa yunifomu, n'kuika tsiku lojambula pa Loweruka lachiwiri la Okutobala, ana akamaliza mayeso oyeserera. Aliyense wodziwa chigwa cha Luangwa akudziwa Okutobala wake. A Chavula anafika msanga, n'kusiya gitala pa njinga, padzuwa, maola atatu, iwo ali kalikiliki kuthandiza amayi ena pa mjigo wa pafupi. Pomwe ankailowetsa m'tchalitchi n'kuti uchi ukuchucha pansi pa nsambo.

Njuchi yoyamba inalowa pa ndime yoyamba. Pa ndime yachiwiri zinali khumi, ndipo a sopulano anayamba kuimba akuyang'ana cham'mbali. Phula litafewa, mawaya anamasukanso, gitala n'kutulutsa mkuwo umene inasunga miyezi inayi. Kaya njuchi zinamva ngati zatukwanidwa, palibe akudziwa, koma zinabwera mudzi wonse. Kaseti imeneyo inagwira nyimbo pang'ono, mkuwo, kugwa kwa mabenchi, ndi mawu a a Chavula akuti musathamange, zikuluma wothamanga. Iwo sanalumidwe ngakhale imodzi. A Madamu anaphunzitsa sabata yathunthu ndi diso limodzi lotupa.

"Nzeru inali bwino," anatero bamboyo atabwera kudzawazonda, atanyamula nthochi. "Chalakwa ni mwezi."

A Madamu anawayang'ana ndi diso lotsalalo nthawi yaitali. Analandira nthochizo, chifukwa analeredwa bwino, koma mumtima anali atatopa kwenikweni, kutopa kosaseketsa. Zaka zinali kutha, ndipo nyimbo zawo khumi zinali zikadali m'kope.

Mwayi womaliza unabwera mu Seputembala 1996. Kunafika a Bruce, bambo wa ku Chipata wa imvi m'ndevu, amene ankayendayenda ndi makina ojambulira makwaya, ndipo ankadziwana ndi anthu a ku wailesi. Anayala mawaya ake m'tchalitchi, jenereta n'kuiika kutali kuseri kwa chimbudzi, anavala zomvera m'makutu, n'kuuza a Chavula kuti ayese gitala. Patangopita kamphindi a Bruce anavula zomverazo n'kuziponya pa tebulo, n'kugwira mutu. Kenako anakodola a Madamu kuti atuluke panja.

"Amai, nili na tsiku imodzi chabe. Mailo lole ibwelela ku Lundazi, ndipo mvula ikayamba sinibwela kuno. Musankhe, kaseti olo gitala."

"Sindingawachotse. Kwayayi tinaiyamba limodzi."

"Sininakambe zowachotsa. Waya yao izalowa mu makina yanga, ampulifaya tizazimya. Ine nizatsitsa mau yao mpaka pansi. Azaimba, azakondwela, pa kaseti sipazankhala kanthu."

A Madamu anayang'ana pa zenera. M'katimo a Chavula anali atavala tayi, chinthu chimene sanavalepo ngakhale pa Khirisimasi, ndipo ankapukuta gitala ndi mpango. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti mayiwa apume pa ntchito. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, koma anakumbukira diso lotupa, khoswe, ndi kalata ya malata.

"Chitani," anatero.

A Bruce anaifotokoza bwino nkhaniyo. Anati masiku ano ku Lusaka akatswiri saimbira mu ampulifaya, gitala imalowa molunjika m'makina.

"Manje nizazimvela bwanji?" anafunsa a Chavula.

"Muzamvela pa kaseti, mdala. Ndiye mwamene achitila akatswili."

Mawu akuti akatswiri anawafika pamtima. A Bruce anawaika pakona, kutali ndi maikolofoni, ndipo a Chavula anaimba nyimbo zonse khumi ndi thupi lonse, atatsinzina, thukuta likunyowetsa tayi, akuyenda kulikonse kumene mapazi afuna popanda wowaletsa. M'tchalitchi munkamveka mawu a anthu makumi atatu ndi ng'oma ziwiri, ndipo nsambo zinkangoti nde, nde, osamveka ngakhale pa benchi yachiwiri. Kwaya inaimba tsiku limenelo kuposa kale lonse. Pomaliza a Chavula anabwera kwa a Madamu akupumira m'mwamba.

"Mwaona, siinakuwe olo kamodzi. Ndipo nakuikilani pikapu ya kukhosi, ija yofewa mumapempha. Nyimbo zonse teni. Nati lelo ni tsiku ya a Madamu."

A Madamu anati zikomo, n'kupita kukathandiza kupinda mawaya amene sanali kufuna thandizo.

Makaseti anafika mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Mapemphero atatha mpingo wonse unatsalira kuti umvere. A Chavula anakhala benchi ya kutsogolo, manja pa mawondo. Nyimbo yoyamba itayamba anaweramira ku wailesi. Yachiwiri anapendeketsa mutu, kutchera khutu lina. Pa yachitatu anabwerera m'mbuyo n'kutsamira, ndipo sanasunthenso mpaka kaseti inatha. Anthu anali pa chisangalalo, aliyense akusaka mawu ake, moti ambiri sanazindikire kanthu. Mkulu wina mpaka anawagwira paphewa n'kuwayamikira kuti gitala yaphunzira ulemu.

A Madamu anayembekezera mkangano, ndipo anali atakonza mayankho. Munthu amene analemba masamba atatu pa nkhani ya malata sakanalephera kulemba khumi pa nkhani iyi. Koma a Chavula anangobwera n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Alto yamveka bwino maningi, Madamu. Mwasebenza."

Kaseti yawo, imene inalembedwa dzina lawo pachikuto, anaisiya pa benchi. Loweruka lotsatira anabwera ndi njinga yawo monga mwa masiku onse, akuimba mluzu, ndipo Lamulungu gitala inakuwa pa nyimbo yachiwiri. A Madamu sanatembenuke kuwadzudzula, ndipo bamboyo anaichepetsa yekha. Mayiwa anatsimikiza kuti apepesa. Anati mayeso a ana akatha. Kenako anati Khirisimasi ikadutsa. Mu Januwale nyimbo yawo inamveka pa wailesi, kawiri pa sabata imodzi, ndipo ku Katete kunachokera makalata anayi. Anakondwa, sitinganame, ndipo m'chisangalalomo kupepesa kunasunthiranso kutsogolo.

Mu Febuluwale a Chavula anapita kukakonza mjigo ku Chikwa, mvula n'kuwanyowetsa panjira, malungo n'kuwagwira. Anagona masiku anayi okha. Pa maliro kunabwera anthu a midzi yonse imene imamwa madzi a mijigo yawo, ndi alimi a ku Chifunda omwe, ndipo nkhani ya njovu inakambidwa mpaka anamfedwa anaseka.

Kuchokera pamenepo zinthu za kwaya zinalongosoka mochititsa ulesi. Mpingo unalandira kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake m'kati, imene imayamba ukaidina n'kusiya ukaidinanso. Kuphunzira nyimbo kwa Loweruka, kumene kale kunkatenga masana onse, kunayamba kutha dzuwa likadali pamutu, ndipo oimba ankaima pakhomo osadziwa kolowera. Panalibe woti amukalipire, panalibe choti akasimbe kunyumba. A Madamu anaona kuti mawu awo okalipa, amene anawasula zaka zisanu ndi ziwiri, alibenso ntchito, ndipo anasowa mtendere ndi bata limene analilirira.

Mu Epulo, kutatsala sabata imodzi kuti abwerere ku Katete, katundu ali m'makatoni, NyaGoma anafika pakhomo. Anali atavala zakuda, ndipo anakhala pa mphasa pakhonde, kukana mpando. Nthawi imene makaseti ankafika iye anali kumunda ku Chikwa, kumene kulibe wailesi.

"A Madamu, nabwela kupempha kaseti ija. Bana afuna kumvako gitala ya awiske. Iwo ananiuza kuti makaseti yanasila, sanapezeko yao."

A Madamu anati dikirani pang'ono, n'kulowa m'nyumba. Anang'amba katoni imene anali atamanga kale, kufunafuna makaseti akale aja olephereka, ya 1992 ndi ya njuchi. Anawapeza onse awiri. Yoyamba ataiika mu wailesi munamveka ulaliki wa mlendo wina wa ku Lundazi. Yachiwiri munali nyimbo za pa ukwati wa mphunzitsi mnzawo. Makaseti anali osowa ku Chama, ndipo palibe amene amasunga phokoso. Anali atajambulapo zina iwo eni, kalekale, osaganizako kawiri.

Anatuluka ndi kaseti yabwino ija, n'kuiika. Anakhala pansi pa mphasa pomwepo. NyaGoma anamvetsera mbali yoyamba yonse, manja ali pamiyendo. Itatha a Madamu anaitembenuza, ndipo anamvetseranso mbali yachiwiri mpaka wailesi inadzizimitsa yokha.

"Mwaimba makola, mama," anatero NyaGoma powayamikira m'chinenero cha kwawo. "Nenze kuyembekeza kuti ikuweko olo kamodzi."

"Mulibemo gitala, NyaGoma. Ndine ndinauza munthu uja kuti atsitse mawu ake. Iwo anadziwa, ndipo sindinawapepese."

NyaGoma anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo a Madamu akanakonda akanakalipa.

"Zaka twente-thu sananinamizepo," anatero. "Nenze kudabwa kuti pa kaseti chabe aninamizilenji."

Anaimirira, n'kukonza chitenje. A Madamu anatulutsa kasetiyo n'kumupatsa ndi manja awiri, koma iye anaibweza mwaulemu.

"Yewo, mama. Sungani, ni yanu. Bana nizawauza kuti yanasiladi."

A Madamu anachoka ku Chama Lachisanu lotsatira, pa lole ya thonje. Kaseti yawo inatsala m'nyumba zambiri, ndipo alendo akaimva amaiyamikira kuti inajambulidwa mwaukhondo, mawu onse ali mbee, popanda kaphokoso kalikonse. Eni nyumba amavomera ndi mutu, chifukwa ndi zoona. Koma ikafika pa nyimbo yachitatu kapena yachinayi, wina amadzuka ngati akukatunga madzi, wina amakumbukira mbuzi zake, ndipo ku Chama kulibe amene amaimvera mpaka kumapeto.